Mutu 5: Kabokosi ka pa Bikoni

1. Kusaka manambala

Esnat anali mtsikana wa Giredi 11 amene akagwira chinthu sankachisiya. Aphunzitsi ankamukonda, anzake ankamuopa pa mayeso, koma amayi ake, a Lonia, ankapukusa mutu n'kumati, "Nzeru uli nazo, mwana wanga, koma makutu unawaiwala m'mimba mwanga."

Chaka chimenecho a Mbewe, mphunzitsi wa jogalafe, anabweretsa masewera atsopano pasukulu yawo ya ku Zingalume. Dzina lake la Chingerezi linkapinda lilime, choncho ana ankangoti kusaka manambala.

Masewerawo ndi otere. Munthu amabisa kabokosi pamalo odziwika, kaya pamlatho kaya pamtengo wakale. Kenako amaona pafoni manambala a GPS, amene amasonyeza pamene munthu waima padziko lino, n'kuwalemba pa intaneti. Wina amatsatira manambalawo ndi foni yake mpaka atakapeza kabokosiko. M'katimo mulibe switi, mulibe chilichonse chodya. Muli kabuku kolembamo dzina basi.

Mukuseka? Ku Chipata kunali anthu amene sankaseka. Kunali kagulu ka akuluakulu, ena a imvi kumutu, okonda masewerawa ngati mpira. Mtsogoleri wawo, a Osward, anali mnzawo wa a Mbewe. Iwo anaimba foni kuti atopa ndi timabokosi ta m'tauni, akufuna kubwera Loweruka lachiwiri la Novembala kuti ana a sukulu adzawaphunzitse kusaka zizindikiro zakale za kumudzi.

A Mbewe sanavutike kusankha wokonza mwambowo. Anangoloza Esnat.

Esnat anatola timabokosi tinayi ta majarini n'kusankha malo anayi: mjigo wakale wa kuseri kwa sukulu, dibi losambitsiramo ng'ombe lomwe linasiya kugwira ntchito, mkuyu waukulu wa pamphambano, ndi bikoni.

Bikoniyo inali kachipilala ka simenti kofika m'mawondo, kokhala ndi manambala ofufutika pamwamba. Anaisiya anthu oyeza malo kalekale. Inaima pafupi ndi chulu, pamalire penipeni pa munda wa a Lonia ndi munda wa a Manase, oyandikana nawo nyumba. Esnat anaijambula n'kutumiza chithunzi ku Chipata asanafunse munthu aliyense.

Yankho la a Osward silinachedwe: "Imeneyi ndiye tikubwerera!"

2. Mawu a pakhonde

Madzulo a tsiku limenelo a Lonia ankaswa mtedza wa mbewu pakhonde. Esnat anawaonetsa chithunzicho akumwetulira mpaka m'makutu. Amayi ake anasiya kuswa.

"Khala pansi," anatero. "Ndati khala pansi, foniyo uike uko.

"Bikoni imene ija si mwala wosewera nawo. Iwe unali Giredi 2 pamene atate ako ndi a Manase anatsala pang'ono kutemana ndi makasu chifukwa cha mizere itatu ya pamalire paja. Zaka ziwiri zathunthu osapatsana moni, ngakhale pakhomo la tchalitchi. Tsiku lina anatopa okha. Anakakumana pa bikoni paja n'kugwirana chanza. Anapangana kuti malire ndi pamenepo, ndiponso kuti wina asadzabweretse mlendo pamalo paja mnzake asakudziwa. Pofuna kulimbitsa panganolo anapita limodzi kukagula ana a ng'ombe awiri, wina wake wina wake. Bulaki ndi wathu, Kapiteni ndi wawo.

"Ukumva? Goli lili ndi mbali ziwiri. Ng'ombe imodzi sikoka pulawo. Atate ako anatisiya, chino ndi chaka chachitatu, koma a Manase sanasinthe. Mvula ikagwa amayamba kulima munda wathu, wawo pambuyo. Undiuze, ndani wina m'mudzi muno angachitire mkazi wamasiye zotere? Chimanga chimene ukudya, ndi yunifolomu imene wavalayo, zonse zimachokera pa goli limene lija.

"China, a Manase aja ali ndi chilonda. Kwawo kumene anabadwira kunafika anthu a galimoto atanyamula makina oyezera. Anati akungoona. Chaka chisanathe panali waya waminga, ndipo amayi awo anamwalira akulima munda wobwereka. Munthu wotere akaona mlendo ali ndi makina m'munda, magazi amakwera kumutu.

"Sindikukuletsa masewera ako. Koma uyambe wapita kwa iwo. Ukagwade, ukawafotokozere bwinobwino mpaka amve. Akavomera, zili bwino. Akakana, usiye, malo ena alipo ambiri. Safunsa anadya phula."

"Ndamva, amayi," anatero Esnat, maso ali pafoni.

3. Lachinayi

Tisamunamizire mwanayu, ulendo woyamba anapitadi. Anapeza a Manase kulibe, anali kumaliro ku Mlolo, ndipo akunyumba anati abwera Lachinayi.

Lachinayi pochokera kusukulu anawapeza pansi pa mtengo wa mango. Anali atagoneka goli pamiyendo, akupaka mafuta zingwe zake zachikopa kuti zifewe.

"Eee, aphunzitsi athu a mawa!" anafuula a Manase. "Mwaswera bwanji kusukuluko?"

"Taswera bwino, atate, kaya inu?"

"Ife tilipo. Ukawauze amayi ako, alamu anga, kuti mbewu ikhale pafupi. Mitambo iyi si yonama ayi. Ikangogwa, ine ndi anyamata anga awiri aja tiyambira kwanu monga mwa masiku onse."

Anyamata awiriwo ankanena Bulaki ndi Kapiteni.

Apa ndiye panali poyambira nkhani. Munthu ali wokondwa, wakhala pansi, alibe changu. Esnat anatsegula pakamwa. Kenako anakumbukira uthenga wa a Osward uja. Nanga akakana? Anthu abwere kuchokera ku Chipata n'kukawaonetsa mjigo wakufa?

"Ndikawauza, atate," anatero, n'kupitirira.

Atafika kunyumba amayi ake anamufunsa asanavule ndi nsapato zomwe.

"Wawapeza?"

"Ee."

"Ati bwanji?"

"Ati palibe vuto."

A Lonia anapuma mpweya waukulu. "Mulungu awadalitse bambo amene aja," anatero. Tsiku lomwelo anayamba kukonza thobwa loti alendo adzamwe.

Ndimamva chisoni ndikafika pamenepa. Mawu atatu okha, ndipo anatuluka mosavuta ngati moni.

4. Alendo a ku Chipata

Loweruka cha m'ma naini minibasi inaima pasukulu. Munatuluka anthu asanu ndi anayi, zipewa kumutu, mabotolo a madzi m'manja. A Osward anali wamtali, woseka msanga, ndipo m'khosi anakoleka kamakina kachikasu ka GPS.

Esnat anaima kutsogolo n'kulonjera alendo popanda kunjenjemera. Anafotokoza mbiri ya malo alionse, anagawa mapepala a manambala, ndipo mlendo aliyense anam'patsa mwana wa sukulu woyenda naye. A Mbewe ankangogwedeza mutu monyadira.

Zinthu zinayenda bwino, abale. Pa mjigo anapeza kabokosi mosavuta. Pa dibi anazungulira mpaka thukuta kamukamu, kenako mayi wina wonenepa anatembenuza njerwa n'kuyamba kululutira ngati wapeza mwana wotayika. Pa mkuyu bambo wina wa imvi anakwawa ndi mawondo, buluku lonse fumbi lokhalokha. Ana a m'mudzi ankaseka mpaka kugwira m'mimba.

"Tsopano bikoni!" anatero a Osward. "Eni malo akudziwa, eti?"

"Akudziwa," anayankha Esnat.

Dzuwa lili paliwombo anafika pachulu paja. Alendo ataona bikoni anaithamangira. A Osward anagwada n'kuyamba kupala manambala aja ndi kampeni kuti aoneke bwino. Mayi wonenepa uja ankajambula. Wina ankalemba m'kabuku. Bambo wa imvi uja, maso ali pafoni, analowa m'munda mwa a Manase akuwerenga mapazi mokweza, "Faifi, sikisi, seveni," ndipo pamene anaima anazikapo kamtengo kuti asaiwale.

Taganizirani inuyo mukanakhala mwini munda, mukanati chiyani?

A Manase anatulukira panjira akukankha njinga, thumba la mbewu ya chimanga lili pakaliyala. Ankachokera ku boma. Anaima. Njinga inawapulumuka m'manja n'kugwa, thumba lija phu! pansi.

"Kodi m'munda mwangamo mukufunamo chiyani?"

A Mbewe anathamanga. "Bambo, musadandaule, ndi masewera a ana a sukulu..."

"Aphunzitsi, inu kuno munabwera ndi ntchito. Takhalani kaye chete. Ndikufunsa awa a makinawa. Wakubweretsani ndani?"

A Osward anaimirira akumwetulirabe, osadziwa kanthu. "Ndi mtsikana wathu wanzeruyu, bambo. Watiuza kuti eni malo avomera."

A Lonia, amene ankasosa chakumunsi kwa munda wawo, anamva phokosolo n'kubwera akuthamanga, khasu lili m'manja.

"Alamu, kwagwanji? Si mwanayu anakuuzani Lachinayi?"

A Manase anatembenuka pang'onopang'ono. "Oho. Ndiye kuti inu mumadziwa."

"Esnat, tawakumbutsa atate akowa," anatero a Lonia.



"Sindinawauze, amayi," anatero Esnat, mawu ali pansipansi.

Khasu linagwa m'manja mwa a Lonia.

5. Mawu a pa bikoni

A Manase sanakuwe. Akanakuwa bwenzi zili bwinoko. Analankhula motsitsa.

"Mukuti masewera. Ine ndakalamba, koma sindine chitsiru. Masewera anji amene anthu a ndevu zawo amakwerera minibasi kuchoka ku Chipata kudzafuna kabokosi ka majarini kopanda majarini? Kwathu anabweranso otere. Ankaseka chonchi, ankawerenga mapazi chonchi, anazika timitengo chonchi. Anati akungoona. Lero pamene panali nkhokwe ya amayi anga sindingapondepo phazi.

"Iwe Esnat, Lachinayi unaima pamaso panga. Ndinakulonjera ngati mwana wanga. Unali ndi nkhani m'kamwa, unaimeza. Ngati analidi masewera, unabisiranji? Chinthu chabwino sachibisa.

"Pa mwala uwu ndinagwirana chanza ndi atate ako. Mawu amene tinapangana ndawasunga ngakhale iwo ali m'manda. Mvula ikagwa ndimasiya munda wanga, anthu n'kumandiseka kuti ndikulimira wamasiye pamene kwanga udzu ukumera. Sindinadandaulepo. Ndimati pangano ndi pangano. Kani pangano ndimalisunga ndekha!"

Kenako analoza kamakina kachikasu kaja. "Manambala a munda wanga mwalembawo, akupita kuti?"

A Osward anali munthu woona mtima, ndipo chilungamo chawocho ndi chimene chinamaliza zonse. "Ali kale pa intaneti, bambo. Aliyense akhoza kuwaona, ngakhale ali ku Lusaka."

"Ku Lusaka," anabwereza a Manase. Anadzutsa njinga yawo, anakweza thumba lija n'kumapita.

Bulaki ndi Kapiteni ankagona khola limodzi, limene anamanga atate ake a Esnat. Masana omwewo a Manase anafika ndi chingwe, anatsegula kholalo n'kumanga Kapiteni m'nyanga. Kapiteni anakanira pakhomo, akucheukira mnzake, mpaka anachita kumukoka. Bulaki anatsala akugunda mitengo ya khola ndi mutu.

Alendo anakwera minibasi yawo n'kubwerera ku Chipata. Thobwa la a Lonia linatsala m'ndowa, palibe analawako.

A Lonia sanam'menye Esnat, sanam'kalipirenso. Anangoti, "Ukanandiuza kuti waopa, ndikanapita ndekha. Unandisiya ndiime pamaso pa alamu anga ngati wabodza."

Esnat analira, koma madzi akatayika saoleka.

6. Mvula

Lolemba masana mvula inagwa, yamphamvu, yonunkhira dothi. Mudzi wonse unasangalala. Kwa a Lonia kokha kunali ngati pamaliro.

M'mawa mwake Esnat anakachotsa kabokosi kaja pa bikoni n'kupita nako kwa a Manase. Anagwada patali, anakaika pansi, anatsegula.

"Atate, onani, muli kabuku kokha. Amayi sanalakwe, ndinawanamiza ndine. Ndinaopa kuti mukana. Pepani."

A Manase anatenga kabukuko n'kukatembenuza uku ndi uku. Munali mayina asanu ndi anayi ndi deti, basi.

"Pepani sapoletsa chilonda," anatero. "Mwina ndi masewera, mwina ayi, ine sindidziwa. Chimene ndikudziwa n'chakuti unandiyang'ana m'maso n'kundibisira. Ndabwereka ng'ombe kwa mkamwini wanga, ndiyamba munda wanga. Za kwanu ndiziganizira. Koma umve bwino: manambala aja achoke kumene munawaikako. Ndikadzaonanso mlendo mmodzi yekha pa bikoni paja, za Kapiteni muiwale."

Esnat anathamangira pachitunda pamene pamagwira netiweki n'kuimbira a Osward, chifukwa manambalawo analembedwa m'dzina la gulu lawo. Iwo anapepesa kwambiri. "Ndichotsa ndikangopeza mpata, mwana wanga, usadandaule," anatero.

Lachitatu Esnat sanapite kusukulu. Lachinayinso sanapite. Iye ndi amayi ake anatenga makasu n'kuyamba kulima pamanja munda umene ng'ombe zinkaumaliza masiku atatu. Pofika Lachinayi anali asanafike ndi pachulu pomwe. Manja a Esnat, ozolowera bolopeni, anatuluka matuza, ndipo matuzawo anaphulika.

"Anzathu akubzala," anatero a Lonia akudziwongola msana. "Ife tikamadzamaliza, chimanga chawo chidzakhala m'mawondo. Wobzala mochedwa amakolola mapesi."

Kutsidya kwa malire a Manase ankalima ndi Kapiteni ndi ng'ombe yofiira yobwereka ija. Sizinkagwirizana. Ina ikakoka, ina inkaima, ndipo mizere inkatuluka yokhotakhota. Bulaki, amene Esnat anam'mangirira pamtengo kuti adye msipu, anakweza mutu n'kulira. Kapiteni anaima chilili pakati pa mzere n'kuyankha. A Manase anakweza chikwapu, koma sanamenye.

Anayang'ana ng'ombe yawo. Anayang'ana a Lonia atawerama ndi khasu, chitenje chili matope okhaokha. Kenako anagoneka pulawo, anavula chipewa, n'kuyamba kuyenda kulunjika kumalire.

"Amayi," ananong'ona Esnat, "akubwera."

A Lonia anapukuta manja pachitenje. A Manase anali atatsala mapazi ochepa kuti afike pa bikoni, pakamwa atatsegula kale kuti apereke moni.

Pamenepo m'pamene kunamveka kulira kwa galimoto. Inali yoyera, yamatope m'mbali, ndipo inaima pamsewu pafupi ndi munda. Munatuluka anthu awiri achilendo, mwamuna ndi mkazi, zipewa kumutu, aliyense maso ali pafoni. Anayenda molunjika ngati akukokedwa ndi chingwe.

Mwamunayo ataona Esnat anamwetulira n'kukweza dzanja.

"Mtsikana iwe," anafuula, "foni ikuti tatsala pang'ono. Kodi bikoni ija ili pati?"

A Manase anavalanso chipewa chawo.